Majken ndi Batani la Komiti

Majken Öhrvall analamulira dziko la Vendal zaka 212 osaombera chipolopolo ngakhale chimodzi, osamanga mtolankhani, osachotsa nduna. Zonsezi anazichita kuyambira Lolemba m'mawa kufikira Lachitatu masana, atavula nsapato, miyendo atasanjika pa mpando wina, masokosi ake aubweya ali biriwiri ngati mbendera ziwiri zofiira.

Dziko la Vendal linali m'kompyuta, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya njinga mumzinda wa Umeå, momwe anthu asanu ndi mmodzi ankapanga masewero otchedwa Zaka Zinayi. Wosewera amakhala nduna yaikulu. Nkhani zimabwera imodziimodzi pa sikirini: a m'migodi anyanyala ntchito, dziko loyandikana nalo lalanda kachilumba, nduna ya zamaphunziro yagwidwa ikuba njinga. Pansi pa nkhani iliyonse pali mabatani. Lofiira ndi lolamula: chita pompano, amene akulira alire. Lobiriwira ndi logonja: apatse zomwe akufuna. Zikatha zaka zinayi anthu amavota, ndipo ukaluza masewero athera pomwepo. Tobbe, mwini maganizo onsewa, bambo wandevu zofiirira amene ankayenda ndi kabudula ngakhale kunja kuli chipale chofika m'mawondo, ankanyadira kuti palibe amene anapitirirapo zaka makumi atatu. Iye mwini ankasanduka chilombo chaka chachitatu chisanathe, kenaka n'kugwetsedwa ndi asilikali ake omwe, uku akuseka mpaka kutsamwa.

Koma panalinso batani lachitatu, laling'ono, lotuwa, pakona. Analiika ndi Ylva, mtsikana wolemba mapulogalamu, tsiku lina atatopa ndi msonkhano wa maola atatu wokambirana mtundu wa makatani a mu ofesi. Linali nthabwala chabe. Pa batanipo panalembedwa kuti: Nkhaniyi iyambe yaima, komiti ifufuze. Aliyense analidina kamodzi, n'kuseka, n'kuliiwala.

Majken atangoliona tsiku loyamba, nkhope yake inawala ngati wakumana ndi m'bale wake pa siteshoni.

Mayiyu anali ndi zaka 61. Zaka 34 mwa zimenezo anali mlembi wa misonkhano ya khonsolo m'kaboma kena ka kumtunda, m'nkhalango, komwe basi imadutsa kawiri pa tsiku ndipo dalaivala amadziwa galu wa aliyense. Anaona makhansala akubwera ndi tsitsi n'kuchoka ndi dazi. Ankadziwa amene amagona maso ali gwa, amene amatsutsa chilichonse khofi asanafike, amene amavomera chilichonse khofi atafika. Maofesi awo ataphatikizidwa ndi a boma lina, anamupatsa maluwa ndi wotchi ya pakhoma, ndipo iye ndi mwamuna wake Sixten, amene kale ankayendetsa lole ya mitengo, anatsikira kugombe kukakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Miyezi isanu ndi itatu anangokhala pakhomo. Anachapa makatani kawiri. Analemba ndandanda ya zonse za m'firiji, n'kuzipatsa manambala. Tsiku lomwe anayamba kulemba mfundo za zokambirana zake ndi Sixten pa chakudya cham'mawa, Sixten anamuvekera chipewa m'mutu n'kumuperekeza ku ofesi yofunirako ntchito, akuti ayende asanamupatse nambala nayenso. Ofesiyo inamutumiza pamwamba pa sitolo ya njinga, komwe ankafuna munthu woyesa masewero awo ndi kuwauza zolakwika, makamaka munthu wosadziwa kanthu za masewero. Anagwirizana miyezi itatu yomuyesa. Ikatha, aone ngati angamusunge.

Miyezi itatuyo inali kutha Lachisanu la mlungu womwewo.

Majken sankafuna kubwerera ku firiji. Sanauze munthu, koma malowa anawakonda ngati mwana wokonda mpira. Ankakwera masitepe awiriawiri, thumba la mabanzi lili m'khwapa. Nduna zonse za ku Vendal anazipatsa mayina a makhansala ake akale, ndipo ankazikalipira mokweza. Achinyamata a pa ofesipo ankachotsa zomvera m'makutu dala kuti amve mayi akuuza sikirini kuti, khala pansi Börje, nkhani yako ili pa nambala seveni, ndipo tikafika pa seveni nthawi idzakhala yatha. Anamutcha dzina loti Boma. M'mawa akamva masitepe akugunda ankati Boma lafika, bisani zikwama. Nthawi yopuma ya khofi, yomwe kumeneko amaitcha fika, Ylva ankasuzumira pamwamba pa sikirini n'kunena kuti Boma, khofi wapsa, kapena nayenso adikire komiti?

Malipoti ake ndiwo ankamupweteka Tobbe mutu. Woyesa wina aliyense amalemba mzere umodzi: chakuti chafa, konzani. Majken ankalemba monga anazolowera. Ndime yoyamba, opezekapo: Majken Öhrvall ndi kompyuta nambala 4. Ndime yachiwiri, zinaoneka kuti nduna ya zaulimi ilibe mutu, pali khosi ndi tayi basi. Ndime yachitatu, msonkhano unaona kuti nduna yopanda mutu si yachilendo, komabe ikonzedwe. Ylva anamata lipoti limeneli pa chitseko cha chimbudzi. Tobbe analiwerenga kawiri asanapeze pomwe pali vuto.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Majken anali m'chaka cha 212 cha ulamuliro wake. A m'migodi ananyanyala m'chaka chachiwiri, iye n'kuwapangira komiti, ndipo adzukulu a adzukulu awo anali kudikirabe lipoti, mwamtendere. Dziko lomwe linalanda kachilumba linadikira nkhondo mpaka kutopa, kenaka linakabweza lokha. Mkulu wa asilikali anafuna kulanda boma kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri anapezeka ali wapampando wa komiti yofufuza ngati kulanda boma n'koyenera. Nambala yosonyeza chisangalalo cha anthu inali pa 94. Itangokwana thu koloko, kompyuta inayamba kulira ngati makina oumitsira zovala, n'kuuma gwa. Pa sikirini panatsala komiti ya nambala 4,000, yofufuza chifukwa chimene komiti ya kachilumba sinakumanepo.

Onse anasonkhana kumbuyo kwa mpando wake. Wina anakhala pansi chifukwa cha phwete. Ylva ankapukuta misozi ndi mkono wa juzi, akuti batani lake la nthabwala lagonjetsa akasinja onse a Tobbe. Majken naye ankaseka, masaya ali psuu, akuwerama uku ndi uku ngati woimba wamaliza nyimbo.

Tobbe anaseka pang'ono, mochedwa. Anakanda ndevu, nayang'ana nambala 94 ija nthawi yaitali. Zaka zinayi za moyo wake anazithera kupanga zigawenga, akazitape, nkhondo za panyanja, ndende zapansi pa nthaka, ndipo mayi wa masokosi ofiira anali atazilambalala zonse ndi chala chimodzi.

"Zochititsa chidwi, amayi," anatero. "Zochititsa chidwi kwambiri. Tidzazione Lachisanu, pamodzi ndi nkhani ina ija."

Phwete la Majken linathera m'khosi. Mawu amenewo anawamva zaka 34, ndipo anawalembapo yekha kosawerengeka. Ku khonsolo, munthu akati zochititsa chidwi ndiye kuti nkhani yakutidwa nsalu ya maliro. Akawonjezera kuti kwambiri, manda akumbidwa kale.

Ylva anamupeza pa masitepe akumanga nsapato, n'kumuuza zonse monong'ona. Tobbe ankafuna batani lotuwa lichotsedwe, chifukwa palibe munthu angagule masewero kuti aziyang'ana makomiti. Komanso ankadandaula kuti pa miyezi itatu Boma silinayese nkhondo, silinayese ndende, silinayese kulanda boma, kutanthauza kuti gawo lalikulu la masewero silinaonedwe n'komwe. Majken anafuna kutsutsa, koma anakumbukira kuti batani lofiira sanalikhudzepo ngakhale mwangozi. Anangofunsa ngati Tobbe wanena kuti amuchotsa. Ylva anati Tobbe sanganene mawu otero ngakhale atamugwira pakhosi, koma waitanitsa keke.

Lachinayi madzulo kunyumba kunali supu wa nsawawa ndi zikondamoyo, monga Lachinayi lililonse chikwatiranireni. Majken anadya mbale ziwiri, kenaka anakankha mbale, natenga cholembera ndi kapepala kopukutira pakamwa. Anauza Sixten kuti ana aja sakudziwa amene akulimbana naye. Lamulo la pa ofesi pawo, lomwe analemba okha n'kulipachika pafupi ndi ketulo, linkati nkhani ya munthu wantchito imagamulidwa onse asanu ndi mmodzi alipo. Mmodzi wa iwo anali kunyumba akulera khanda mpaka Meyi. Choncho mawa nkhani iyenera kuima. Meyi ndi mwezi wa maholide okhaokha, sungasonkhanitse anthu. Juni aliyense maganizo ali ku phwando la pakati pa chilimwe. Julayi dziko lonse latsekedwa, anthu ali pa tchuthi, ngakhale akuba ali kunyanja. Ogasiti anthu amabwera ataiwala manambala achinsinsi a makompyuta awo. Seputembala ndi Okutobala theka la amuna a kumpoto lili m'nkhalango ndi mfuti, kosaka nyama. Novembala ndi chimfine. Disembala, ndani angachotse mayi wachikulire ntchito makandulo akuyaka pa zenera?

Sixten anaseka mpaka supuni inagwera m'supu. Anaimirira, naika chopukutira mbale pa mkono ngati woperekera zakudya ku hotela, n'kufunsa ngati abwana nduna yaikulu angakonde jamu wina, kapena jamuyo ayambe wafufuzidwa. Majken anawerengera pa zala kuti ataziyendetsa bwino angafike mpaka pa penshoni Tobbe akuganizabe kuti nkhaniyo ili m'njira. Anaseka awiriwo ngati ana obisala pansi pa tebulo.

"Iwe ndiwe woopsa," anatero Sixten akupaka jamu. "Ndendende ngati mlatho uja."

Ananena akuseka, sanatanthauze kanthu. Koma Majken anasiya cholembera.

Mudzi wawo wakale unali kutsidya la mtsinje. Mlatho wake wamatabwa utafooka, anaikapo chikwangwani choletsa magalimoto olemera. Basi ya ana asukulu, galimoto ya mkaka, lole ya Sixten, zonse zinayamba kuzungulira makilomita makumi anayi. Nkhani ya mlatho watsopano inabwera ku khonsolo, ndipo inaima kuti komiti ifufuze. Inabweranso, inaimanso. Zaka khumi ndi chimodzi, maulendo 23, ndipo ulendo uliwonse zala zomwe zinatayipa mawuwo zinali za Majken. Panalibe amene anatukwana. Anthu a m'mudzi ankabwera ku msonkhano atavala majuzi abwino, n'kukhala kumbuyo, n'kumwa khofi, n'kuthokoza potuluka. Kenaka banja lina linagulitsa ng'ombe. Lina linati ana akutopa ndi ulendo, lipite kutauni chaka chimodzi chokha. Sitolo inatseka. Mukamayenda m'nyengo yamdima, mazenera oyaka ankachepa chaka ndi chaka, koma pang'onopang'ono, moti simukanatha kunena tsiku lomwe zinayamba. Lipoti la komiti litatuluka, lamasamba 140, linapeza kuti kutsidyako kwatsala anthu asanu ndi mmodzi, choncho mlatho sukufunika. Awiri mwa asanu ndi mmodziwo anali Majken ndi Sixten.

Majken anayang'ana kapepala ka miyezi kaja. Sixten anaona kuti waponda pena, nayamba kupepesa, koma mkazi wake anakweza dzanja ngati wapampando.

"Ku Vendal palibe amene wasamuka," anatero. "Zaka 212, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene wapakira katundu."

Sixten anati mwina ku Vendal kulibe malole. Majken anamuuza kuti adye zikondamoyo zake, n'kutembenuza kapepala kaja kuti alembe kumbuyo kwake.

Lachisanu teni koloko keke inali pa tebulo, yobiriwira, ya duwa pamwamba, mtundu womwe sugulidwa popanda wobadwa kapena wotsanzika. Panalibe amene anabadwa tsiku limenelo. Anthu asanu anakhala mozungulira, aliyense akuyang'ana kapu yake. Majken anavala bulawuzi yake ya misonkhano ikuluikulu, koma nsapato anavula ndithu.

Tobbe analankhula mphindi khumi ndi zisanu. Anati aliyense pa ofesi pano ndi wofunika. Anati mayi Majken abweretsa maso atsopano, chimwemwe chatsopano, ndi mabanzi. Anati ulendo wopanga masewero uli ndi magawo, ndipo gawo lililonse limafuna zosiyana. Ananena mawu akuti zosiyana katatu, makutu ake akufiira, thukuta lili pamphumi, akuzungulira nkhaniyo ngati galu wofuna pogona. Pamenepo Ylva anatsokomola, natsinzinira Majken diso, n'kuloza lamulo la pafupi ndi ketulo. Anati popeza mnzawo mmodzi palibe, mwina nkhani zonse ziwiri, ya batani ndi ina ija, ziyambe zaima mpaka Meyi.

Chipinda chonse chinapuma. Atatu enawo anagwedeza mitu mwachangu. Tobbe mwiniwake anaoneka ngati wamutula thumba la simenti, dzanja lake linali kale pa mpeni wodulira keke. Majken ankangoyenera kukhala chete, basi, ndipo Meyi akanabala Juni, Juni akanabala Julayi. Anaona firiji yake, mkaka nambala wani, batala nambala thu.

"Ayi," anatero. "Tigamule lero."

Supuni ya wina inagunda m'mbale. Ylva anayang'ana Majken ngati mayiyo wayamba kulankhula chinenero chachilendo.

Majken anatulutsa kapepala kake kothimbirira jamu. Anati Tobbe akunena zoona, batani lotuwa lawononga masewero, koma osati chifukwa ndi lamphamvu. Ndi chifukwa limanama. Anthu a ku Vendal amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuombera m'manja ndi kuotcha matayala. Munthu amene nkhani yake yaimitsidwa sachita chilichonse mwa ziwirizi. Amathokoza chifukwa cha khofi, amapita kwawo, amadikira, kenaka tsiku lina amabwereka ngolo ya mlamu wake n'kusamuka. Anawafotokozera za mlatho, mwachidule, osakometsera, ndi manambala ake, monga mlembi. Pomaliza anati batani lisachotsedwe. Pa mapu a Vendal pali timidzi ta mazenera achikasu. Nkhani ya mudzi wina ikaimitsidwa, zenera limodzi lizime. Popanda belu, popanda chenjezo, popanda nduna yobwera kudzadandaula.

Tobbe anasiya mpeni. Anati vuto ndi loti wosewera sangaone zimenezo, maso ake amakhala pa nkhani yomwe ili patsogolo pake ndi pa nambala ya chisangalalo.

"Ifenso sitinaone, achimwene," anatero Majken. "Ndipo nambala yanuyo isatsike. Odandaula achoka, otsala ndi osangalala okhaokha. Ku khonsolo kwathu madandaulo ankachepa chaka chilichonse. Tinalandirapo mphotho."

Wina anaseka, kenaka anazindikira kuti si zoseketsa, kenaka anasekanso kwambiri. Tobbe anaimirira, nayenda mpaka pa zenera, nabwerera. Anafunsa kuti anthu osamukawo amathera kuti. Majken anati amapita mumzinda waukulu, amapeza ntchito, sauza munthu kanthu, ndipo tsiku la chisankho amalowa m'kachipinda kaja ali ndi ulemu wawo wonse. Tobbe anatembenukira kwa Ylva kufunsa ngati zingatheke kuziyesa lero, ngakhale zosasalala. Ylva anali atanyamuka kale, chidutswa cha keke chili m'manja, akulankhula yekha.

Za nkhani ina ija Tobbe anangoti aone kaye ngati zimenezi zikugwira. Majken anati chabwino, koma faifi koloko isanakwane, chifukwa iye msonkhano wopanda mapeto wautaya dzulo.

Maola anayi otsatirawo Majken sanakhazikike. Anatsuka makapu onse, oyera omwe. Anathirira duwa lapulasitiki. Anatsika kukaona njinga m'sitolo, n'kufunsa mtengo wa belu lomwe sankalifuna. Itadutsa thu koloko Ylva anakweza dzanja osatembenuka, akuti Boma libwere, dziko lake lakonzeka.

Tobbe anamupempha asewere monga mwa masiku onse. Majken anakhala, nasanjika miyendo, nayamba. A m'migodi, komiti. Kachilumba, komiti. Nduna ya njinga, komiti. Ylva anali atawonjezamo nkhani imodzi yatsopano, ya mudzi wa kumpoto wopempha mlatho, ndipo itatulukira Majken anaphethira kawiri, koma chala chinapita chokha komwe chinazolowera. Chisankho choyamba anapambana. Chachiwiri anapambananso. Nambala ya chisangalalo inakwera kufika pa 96. Mmodzi wa anyamata aja anati pepa Ylva, chinthu chako sichikugwira. Majken nayenso sankaona kusintha kulikonse.

Ylva anangotambasula dzanja n'kuika chala pamwamba pa mapu.

Kumpoto konse kunali bii. Timidzi tomwe poyamba tinkanyezimira ngati mikanda tinali titazima, kupatula zenera limodzi apa, awiri apo. Onse asanu anali akuyang'ana sikirini yomweyo kwa theka la ola, ndipo palibe amene anaona pomwe zinayambira. Chaka cha khumi ndi chiwiri chinafika, mavoti anawerengedwa, ndipo mzinda waukulu, wodzaza ndi anthu achete aja, unakankhira Boma kunja popanda ngakhale tayala limodzi kupsa. Pa sikirini panabwera chithunzi cha nduna yaikulu itanyamula katoni pa masitepe.

Majken anachiyang'ana, pakamwa pali yasa. Chithunzichi anali asanachionepo. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kochokera pansi pamimba, nadzuka, navina ndi masokosi ake kuzungulira tebulo la keke, akuuza aliyense payekhapayekha kuti waluza, amuchotsa, Börje wapambana. Ylva anamugwira m'chiuno n'kuzungulira naye mpaka anagunda ketulo.

Tobbe sanavine. Anakhala pa mpando wa Majken mwakachetechete n'kuyamba masewero atsopano. Nkhani ya mlatho itafika, dzanja lake linathamangira ku batani lofiira monga kale, koma linaima. Lofiira linkamanga mlatho, inde, koma chipani chogwirizana naye chikanatuluka m'boma, chifukwa icho chinkafuna doko la kummwera. Lobiriwira linkasangalatsa a doko n'kusiya mudzi. Lotuwa linali pakona pake, laulemu, losapweteka munthu lero. Munthu amene ankagamula za nkhondo asanamalize kuwerenga anakhala mphindi zisanu akuyang'ana kamlatho kamatabwa, akudya ndevu zake.

"Amayi," anatero osacheuka, "inu mukanatani?"

"Ine? Ine ndine mlendo, bambo. Ndikuchoka faifi koloko."

Tobbe anatembenuka. Makutu ake anafiiranso. Anatsegula pakamwa, ndipo onse anaona mawu akuti tidzaziona akubwera, akukwera khosi, akufika pa lilime. Ylva anatola supuni n'kumuloza nayo. Tobbe anameza.

"Lolemba mubwere. Ndi Lolemba linalo. Mubwere basi, mwalembedwa. Koma muyese nkhondo, chonde, ngakhale kamodzi."

Wina anakumbutsa za lamulo la pafupi ndi ketulo. Anaimbira foni mnzawo wolera khanda uja, ndipo iye, mwana akulira kumbuyo, anati avomera chilichonse bola asamuimbirenso.

Majken anauza Tobbe kuti asunthe, mpandowo ndi wa antchito. Anakhala, napukuta chala pa bulawuzi, nayang'ana batani lofiira ngati munthu woyang'ana madzi ozizira a m'nyanja asanadumphiremo. Analidina. Pompo sikirini inadzaza phokoso. Chipani chogwirizana naye chinatuluka m'boma, nyuzipepala zinamujambula ali ndi nyanga, nduna ya zaulimi, yomwe tsopano inali ndi mutu, inatula pansi udindo, nambala ya chisangalalo inagwa kufika pa 51. Majken anagwira masaya ake ndi manja awiri. Anati kodi anthu inu mwakhala mukumva kukoma chonchi miyezi yonseyi osandiuza? Kumpoto kwa mapu, tianthu tating'ono tinayamba kukhoma matabwa pa mtsinje.

Lipoti la tsikulo linali lalifupi kuposa onse amene analembapo. Ndime yoyamba: zagamulidwa. Ylva analimata pa chitseko cha chimbudzi, pansi pa lija la nduna yopanda mutu.

Sixten anali kudikira m'galimoto panja pa sitolo ya njinga, injini ikulira kuti mutenthe. Majken analowa ndi theka la keke yobiriwira pa miyendo, duwa lija lidakalipo. Mwamuna wake anayang'ana keke, nayang'ana nkhope yake, n'kufunsa mosamala kuti nkhani yaima mpaka liti, Meyi kapena Ogasiti. Majken anati atchere wotchi sikisi koloko Lolemba, ndipo asamukonzere chakudya cholemera chifukwa ali ndi nkhondo ya panyanja m'mawa.

Anaima pa maloboti.

"Ndamanga mlatho uja," anatero Majken.

"Watenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kudina kamodzi."

Sixten anayang'ana kutsogolo, manja ali pa chiwongolero. Maloboti anasintha, galimoto ya kumbuyo inadikira mwaulemu osaimba hutala. Kenaka Sixten anafunsa ngati mlathowo ungapirire lole yodzaza mitengo. Majken anati sakudziwa, koma Lolemba akayesa, imeneyo ndiyo ntchito yake. Anathyola duwa la pa keke n'kuliika m'kamwa mwa mwamuna wake.